Dzina la msewu ku Belfast: n'chifukwa chiyani Chiayirishi chimayambanitsa anthu oti onse amalankhula Chingerezi?

Mayi wina amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Belfast, likulu la Northern Ireland, wafunsa motere: "Khonsolo yanditumizira kalata yofunsa ngati ndikuvomera kuti dzina la msewu wathu lilembedwenso m'Chiayirishi pansi pa la Chingerezi. Nditaionetsa kuntchito, anzanga awiri adakangana mpaka pano sakulankhulana. Komatu chibwerereni kuno sindidamvepo munthu akugula buledi m'Chiayirishi, aliyense ndi Chingerezi basi. Akulimbirana chiyani kwenikweni? Nanga ine mlendo ndiyankhe bwanji?"

Amayi, makutu anu sadakunamizeni. Pa kalembera wa 2021, mwa anthu pafupifupi 1.9 miliyoni a ku Northern Ireland, oposa 228,000 adati amadziwako Chiayirishi, koma amene adati ndicho chilankhulo chawo chachikulu anali pafupifupi 6,000 okha. Olankhula Chipolishi pakhomo anali oposa 20,000. Ikadakhala nkhani yomvana pamsika, bwenzi palibe mlandu. Chimene chawayambanitsa anzanuwo ndi funso limene lakhala likuvuta kumeneko kuyambira 1921, pamene chilumba cha Ireland chidagawidwa pawiri: malo amenewa ndi a yani, ndipo mawa adzakhala mbali ya dziko liti?

Mbali ziwirizi mwina mwazimva kale mayina. Ma unionist, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja a Chipulotesitanti, amadziona kuti ndi nzika za Britain ndipo amafuna Northern Ireland ikhalebe mu United Kingdom. Ma nationalist, ambiri ochokera m'mabanja a Chikatolika, amadziona kuti ndi Aayirishi ndipo amafuna chilumba chonse chidzakhale dziko limodzi. Kwathu mukamakangana za malo, mfumu imafunsa kuti manda a makolo anu ali pati, chifukwa manda ndiwo amachitira umboni amene adayamba kukhalapo. Dzina la Chiayirishi pa chikwangwani limagwira ntchito yomweyo. Wina akaliona amati, eya, makolo athu alembedwa tsopano. Mnzake akaliona amamva ngati akuuzidwa kuti iye ndi wobwera, ngakhale banja lake lakhala pamenepo zaka 400.

Zaka 400 zimenezo zikuchokera mu 1609, pamene boma la Mfumu James I lidayamba kulanda minda ya mafumu a Chiayirishi m'chigawo cha Ulster n'kuigawira anthu ochokera ku Scotland ndi ku England. Nthawi imeneyo Ulster ndiye anali chimake cha Chiayirishi. Chilankhulocho chidafooka pang'onopang'ono pa chilumba chonse: mu 1737 padakhazikitsidwa lamulo lakuti m'makhoti muzilankhulidwa Chingerezi chokha, masukulu a boma amene adayamba mu 1831 ankaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo njala yaikulu ya m'ma 1840 idapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuthamangitsira enanso ochuluka chomwecho kunja, ambiri a iwo amphawi olankhula Chiayirishi. Makolo otsalawo ankafuna okha kuti ana awo adziwe Chingerezi poti ulendo wa ku America kapena ku Liverpool unkawadikira.

Pali mbali ya mbiriyi imene ma unionist ambiri sadaphunzitsidwe kusukulu, ndipo ma nationalist ena saikonda kwenikweni chifukwa imasokoneza nkhani yawo. Anthu amene adagwira ntchito yaikulu yopulumutsa Chiayirishi ku Belfast anali Apulotesitanti, makamaka a mpingo wa Presbyterian. Msonkhano wa oimba azeze wa 1792, pamene Edward Bunting adalemba nyimbo zakale za Chiayirishi zisanatayike, udakonzedwa ndi anthu a mumzindawo a mbali imeneyi. Magazini yoyamba yokhala ndi Chiayirishi idasindikizidwa ku Belfast mu 1795. Robert McAdam, mwini fakitale ya zitsulo komanso wa Presbyterian, adataya chuma ndi nthawi yake kusonkhanitsa zolemba pamanja, miyambi ndi nyimbo za Chiayirishi. Malo a chikhalidwe otchedwa Cultúrlann McAdam Ó Fiaich pa Falls Road, pakati penipeni pa dera la ma nationalist, adatengera dzina kwa iyeyu pamodzi ndi Kadinala Tomás Ó Fiaich, ndipo nyumbayo kale inali tchalitchi cha Presbyterian. Baibulo lenilenilo lidamasuliridwa m'Chiayirishi ndi atsogoleri a Chipulotesitanti m'zaka za m'ma 1600. Ndipo bungwe lotsitsimutsa chilankhulochi, Conradh na Gaeilge, litayamba mu 1893, mtsogoleri wake woyamba anali Douglas Hyde, mwana wa m'busa wa Church of Ireland.

Hyde yemweyo ndiye akutionetsa pamene zinthu zidapindikira. Iye ankalimbikira kuti bungwelo lisalowe ndale kuti aliyense azilowamo momasuka. Mu 1915 anthu ofuna ufulu wodzilamulira adaligwira bungwelo, iye n'kutula pansi udindo. Chaka chotsatira kudabuka kuukira ulamuliro wa Britain ku Dublin mu 1916, ndipo ambiri mwa atsogoleri ake anali atadutsa m'makalasi a bungwe lomweli. Chilumbacho chitagawidwa mu 1921, mbali iliyonse idatenga chilankhulo n'kuchiika pamene ikufuna. Kumwera boma latsopano lidachiika kukhala phunziro lokakamiza kusukulu, kwa zaka zambiri chinali chofunika polowa ntchito m'boma, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1937 adachitcha chilankhulo choyamba cha boma. Kumpoto, nyumba ya malamulo ya Stormont, yomwe chipani cha Ulster Unionist chidailamulira osadukiza mpaka 1972, inkachiona ngati chilankhulo cha dziko lachilendo. Mu 1949 adafika pokhazikitsa lamulo loletsa kulemba mayina a misewu m'chilankhulo china kupatula Chingerezi, ndipo lamulolo lidakhalapo mpaka 1995. Kalata imene mwalandirayo ndi mdzukulu wa lamulo limenelo. Amalawi amene akukumbukira 1968, pamene Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya MBC mpaka kudzabwerera mu 1994, akudziwa kuti boma likaletsa chilankhulo pagulu, eni ake amawerenga uthenga woposa wa chilankhulo.

Kutsitsimuka kwa Chiayirishi ku Belfast kudayamba ndi anthu wamba, ndipo izi ndimazitchula nthawi zonse ndikamva wina akunena kuti zonsezi adapeka ndi a Sinn Féin, chipani chachikulu cha ma nationalist. Mu 1969 mabanja ochepa achinyamata adadzimangira okha nyumba pa Shaw's Road, kumadzulo kwa mzindawo, kuti alere ana awo m'Chiayirishi. Mu 1971 adatsegula sukulu ya pulaimale, Bunscoil Phobal Feirste, ndi ana 9 okha. Boma lidakana kuizindikira, ndipo makolo adaiyendetsa ndi ndalama zopemphetsa mpaka 1984 pamene idayamba kulandira thandizo. Sekondale yake, yomwe lero imatchedwa Coláiste Feirste, idatsegulidwa mu 1991. Lero ana oposa 7,000 ku Northern Ireland amaphunzira maphunziro awo onse m'Chiayirishi. Muwamvadi mukakwera basi ya ku Falls Road nthawi yoweruka.

Komabe mnzanu wa mbali inayo ali ndi chilonda chenicheni, ndipo ndikupempheni musachipeputse. Pa zaka pafupifupi 30 za nkhondo yapachiweniweni imene kumeneko amangoitcha the Troubles, anthu oposa 3,500 adaphedwa, ndipo gulu la IRA, lomwe linkamenya nkhondo yofuna kuchotsa ulamuliro wa Britain, ndilo lidapha ochuluka kuposa gulu lina lililonse. Akaidi a IRA kundende ya Long Kesh, yotchedwanso Maze, adaphunzitsana Chiayirishi pofuulirana pazitseko, mwa zina kuti asilikali a ndende asamve zimene akukambirana. Bobby Sands, amene adafa pa sitiraka ya njala mu 1981, anali mmodzi wa iwo. Mfuu ya gululo, Tiocfaidh ár lá, kutanthauza kuti tsiku lathu lidzafika, idalembedwa pa makoma ambirimbiri, ndipo m'ma 1980 mkulu wina wa Sinn Féin adayerekeza mawu a Chiayirishi amene munthu waphunzira ndi chipolopolo pankhondo ya ufulu. Ndiye taganizani munthu amene bambo ake anali wapolisi n'kuphedwa pakhomo: Chiayirishi chokhacho chimene adamvapo pa moyo wake chinali cha pamaliro a zigawenga ndi pamisonkhano ya chipani chimene chinkaikira kumbuyo ophawo. Simungamuuze za Robert McAdam tsiku limodzi n'kuyembekeza kuti mtima utsika. Ine ndimaona kuti a Sinn Féin adachivulaza chilankhulochi pochikumbatira motero, ndipo ambiri okonda Chiayirishi amene sali m'chipanicho amadandaula zomwezo.

Pangano la mtendere la Good Friday la pa 10 Epulo 1998 lidavomereza kuti munthu wa ku Northern Ireland angathe kukhala wa Britain, Mwayirishi, kapena zonse ziwiri, ndipo lidalonjeza kulemekeza Chiayirishi pamodzi ndi Ulster Scots, kalankhulidwe kochokera kwa obwera a ku Scotland aja. Chaka chotsatira adakhazikitsa mabungwe awiri olimbikitsa zilankhulozi, Foras na Gaeilge ndi Ulster-Scots Agency. Mu 2006, pa pangano la St Andrews, boma la Britain lidalemba kuti lidzakhazikitsa lamulo la chilankhulo cha Chiayirishi. Ku Wales lamulo lotere lidalipo kuyambira 1993, ku Scotland kuyambira 2005, mu United Kingdom momwemo, ndipo mbendera sidagwe. Koma ulamuliro utabwerera ku Stormont mu 2007, unduna wa zachikhalidwe udapita kwa chipani cha ma unionist cha DUP, chomwe chidati lonjezolo adapanga ndi a ku London, iwo sadasainire. Nkhaniyo idagona pamenepo zaka khumi.

Chimene chidaidzutsa ndi chipongwe. Mu Novembala 2014 phungu wa DUP, Gregory Campbell, adaimirira m'nyumba ya malamulo n'kunyogodola mawu othokozera sipikala m'Chiayirishi powasandutsa nthabwala ya yogati, ndipo adaletsedwa kulankhula kwa tsiku limodzi. Mu 2016 nduna ya zaulimi ya chipani chomwecho idasintha dzina la sitima ya boma yolondera usodzi kuchoka pa Banríon Uladh kukhala Queen of Ulster. Kenako, kutatsala masiku awiri Khirisimasi ya 2016, nduna Paul Givan idathetsa thumba la mapaundi 50,000 la pologalamu ya Líofa, lomwe linkalipirira ana a mabanja osauka kukaphunzira Chiayirishi patchuthi ku madera amene chimalankhulidwabe, ngati Donegal. Pa bajeti ya boma ndalama imeneyo ndi yochepetsetsa, n'chifukwa chake anthu adaona kuti cholinga chinali kunyoza. Ndunayo idabweza ndalamazo patangopita milungu yochepa, koma madzi anali atatayika kale. Mu Januwale 2017 Martin McGuinness wa Sinn Féin adatula pansi udindo wa wachiwiri kwa nduna yaikulu. Chifukwa chachikulu chinali kuonongeka kwa ndalama za boma pa pologalamu ya zotenthetsera nyumba yotchedwa RHI, koma nkhani ya Líofa adaitchulanso, ndipo boma logawana mphamvu pakati pa mbali ziwirizi lidagwa.

Pa kampeni yotsatira, mtsogoleri wa DUP Arlene Foster adakana lamulo la Chiayirishi ponena kuti ng'ona ukaidyetsa imabweranso kudzafuna zina. Achinyamata adayamba kubwera pamisonkhano atavala ngati ng'ona, ma nationalist adakavota mwaunyinji, ndipo pa chisankho cha Malichi 2017 DUP idapeza mipando 28, Sinn Féin 27, ma unionist n'kutaya kuchuluka kwawo ku Stormont koyamba chiyambire 1921. Gulu lomenyera Chiayirishi la An Dream Dearg, lovala zofiira, lidadzaza misewu ya Belfast ndi anthu masauzande mu 2017 komanso mu 2022. Ndikaunika zaka zimenezo, sindiona munthu amene adakopera anthu ku Chiayirishi kuposa atsogoleri a DUP. Anthu amene sankatha ngakhale moni adayamba kulembetsa makalasi chifukwa chopsa mtima.

Stormont idakhala yotseka zaka zitatu, mpaka pangano la New Decade, New Approach la Januwale 2020. Ngakhale pamenepo aphungu a kumeneko adalephera kudutsitsa lamulolo, mpaka nyumba ya malamulo ya Westminster ku London idalidutsitsa yokha mu Disembala 2022, pa dzina lakuti Identity and Language (Northern Ireland) Act. Dzinalo lokha likukuuzani kuti kunali kunyengererana, chifukwa DUP sikadalola lamulo la Chiayirishi chokha. Lamuloli limazindikira Chiayirishi ngati chilankhulo chovomerezeka, lidalamula kuti chiletso cha m'makhoti cha 1737 chichotsedwe, ndipo lidakhazikitsa makomishonala awiri, wina wa Chiayirishi, wina wa Ulster Scots ndi chikhalidwe cha a Britain a ku Ulster, kuphatikizapo ofesi yoona za chikhalidwe cha onse. Silikakamiza mwana aliyense kuphunzira Chiayirishi, ndipo silisungira olankhula Chiayirishi gawo la ntchito za m'boma. Ndatchula ziwirizi chifukwa ndizo mantha amene mudzamva kawirikawiri, ndipo mantha ake adachokera pa zimene zinkachitika kumwera kale, osati pa zimene zalembedwa m'lamuloli.

Dandaulo la ndalama ndilo lofooka kwambiri. Mkangano wa 2025 wokhudza zikwangwani za Chiayirishi pa siteshoni yatsopano ya Grand Central unali wa mapaundi pafupifupi 150,000, pa nyumba imene idadya mapaundi mamiliyoni mazanamazana, koma udafika kukhoti. Dandaulo limene ndimalimvera ndi la malire. Mwaona nokha kuti Belfast ndi mzinda wolembedwalembedwa: miyala ya m'mphepete mwa msewu yopakidwa zofiira, zoyera ndi zabuluu uku, mbendera yobiriwira, yoyera ndi yaolenji uko, makoma olekanitsa madera pakati. Mumzinda wotere chikwangwani cha zilankhulo ziwiri chimawerengedwa ngati chizindikiro china cha eni dera, ndipo munthu wa mbali inayo wokhala mumsewu wosakanikirana angaope kuti msewu wake waperekedwa. Pamwamba pa izo, kalembera wa 2021 adaonetsa koyamba kuti ochokera m'mabanja a Chikatolika, pafupifupi 46 pa 100 alionse, aposa ochokera m'mabanja a Chipulotesitanti, pafupifupi 43, ndipo kuyambira 2024 nduna yaikulu ndi Michelle O'Neill wa Sinn Féin. Anthu amene makolo awo adalamulira dera limeneli akuliona likusintha m'maso mwawo, ndiye chilichonse chatsopano amachiwerengera pa zotayika.

Mantha amenewo ndimawamvetsa, koma sindivomera kuti mankhwala ake ndi kubisa chilankhulo. Mayina ambiri a malo ku Northern Ireland ndi a Chiayirishi kale, ongolembedwa m'kalembedwe ka Chingerezi: Belfast yemweyo, ngakhalenso Shankill, likulu la anthu okakamira kwambiri ku Britain. Gulu la asilikali a Britain la Royal Irish Regiment lili ndi mfuu ya Chiayirishi. Mfumukazi Elizabeth II, polankhula ku Dublin Castle mu Meyi 2011, adayamba ndi mawu a Chiayirishi. Ndipo kum'mawa kwa Belfast, pa Newtownards Road, mayi wa Chipulotesitanti Linda Ervine, mlamu wake wa malemu David Ervine amene anali mtsogoleri wa chipani china cha ma unionist cha PUP, wakhala akuyendetsa makalasi a Chiayirishi otchedwa Turas kuyambira 2012, pansi pa mishoni ya mpingo wa Methodist. Ophunzira ake ambiri amachokera m'mabanja a unionist, ndipo kuphunzirako sikuwasandutsa a Sinn Féin. Zapafupi ayi: mu 2021 sukulu ya mkaka ya Chiayirishi imene iye adathandiza kuyambitsa idasiya malo amene idapeza ku Braniel chifukwa cha kunyozedwa ndi kuopsezedwa pa intaneti. Ana a zaka zitatu amenewo.

Za Ulster Scots sindichulutsa. Pa kalembera yemweyo anthu pafupifupi 190,000 adati amaidziwako. Akatswiri amatsutsana ngati ili chilankhulo pachokha kapena kalankhulidwe chabe, ndipo andale amaigwiritsa ntchito ngati mwala wa pasikelo: Chiayirishi chikalandira kanthu, nayonso ilandire. Eni ake enieni ku midzi ya Antrim ndi Down sapindula kwambiri ndi mchitidwe umenewu.

Tsopano kalata yanu. Yakupezani chifukwa dzina lanu lili m'kaundula wa ovota pa adiresi imeneyo, ndipo nzika za maiko a Commonwealth zokhala kumeneko movomerezeka, kuphatikizapo Amalawi ndi a ku Zambia, zili ndi ufulu wolembetsa. Choncho pa nkhani ya msewu umenewo mawu anu ndi olemera mofanana ndi a wina aliyense wokhalamo. Kale pankafunika kuti magawo awiri mwa atatu a anthu a mumsewu avomere, ndipo osayankha ankawerengedwa ngati okana. Kuyambira 2022 khonsolo ya Belfast idatsitsa mlingo kufika pa anthu 15 pa 100 alionse, kenako nkhani imapita kwa makhansala kuti agamule. Ma unionist amati mlingowu ndi wotsika mopitirira, poti ochepa angapose ambiri. Ovomereza amayankha kuti ufulu wa ochepa suyenera kudikira chilolezo cha ambiri. Dzina la Chingerezi silichotsedwa, adiresi yanu sisintha, makalata azifika monga kale.

Mukandifunsa ine, m'msewu umene muli mabanja amene ana awo amaphunzira m'Chiayirishi ndipo apempha okha, ndikadavomera, chifukwa palibe chimene wina akulandidwa. Ngati msewu wanu uli pamalire a madera awiri pamene anthu amaponyerana miyala mwezi wa Julaye, nthawi ya maperete a ma unionist, kapena ngati mukuona kuti nkhaniyi simunaimvetse mokwanira, kusayankha ndi ufulu wanunso, ndipo pansi pa ndondomeko yatsopanoyi sikuwerengedwa ngati kukana. Chimene mwasankha simukakamizidwa kuuza aliyense, ndipo kuntchito ndikadakulangizani kuti musatero, makamaka pamaso pa okalamba amene mukuwasamalira, poti ambiri a msinkhu umenewo adaika m'manda abale awo pa nthawi ya nkhondo ija ndipo simungadziwe kuti adaphedwa ndi mbali iti. Dziwaninso kuti ngati ndinu wa CCAP ndipo Lamulungu mumapita ku tchalitchi cha Presbyterian, kapena ndinu Mkatolika wopita ku Misa, alipo amene adakuikani kale mbali musanatsegule pakamwa. Amamvetseranso ngati mukuti Derry kapena Londonderry, the North kapena Northern Ireland, poti mbali iliyonse ili ndi dzina lake la malo omwewo. Kwa mlendo ambiri amakhululuka, koma ndi bwino kumva kaye mmene wolankhula nayeyo akutchulira musanatchule inu.